Toyota Vitz ya 2005 mpaka 2010: injini siivuta, ndalama zimathera pa giyabokosi

Musanafunse mtengo wa Vitz, funsani kaye zilembo zoyambirira za nambala ya chassis. Zalembedwa mu bulu buku, pa chizindikiro chimene chili pa mzati wa chitseko, ndiponso zinadindidwa pansi pa mpando wakutsogolo wa kumanja. Galimoto zimene zinapangidwa kuyambira February 2005 mpaka kumapeto kwa 2010 zimaoneka zofanana kunja, koma mkati mwake ndi galimoto zinayi zosiyana, ndipo wogulitsa sangakuuzeni zimenezi pokhapokha mutamufunsa.

KSP90 ndi ya injini ya 1KR-FE, ya masilinda atatu, 996cc, mphamvu zake 71 PS. SCP90 ndi ya 2SZ-FE, masilinda anayi, 1.3, mphamvu 87 PS. NCP91 ndi ya 1NZ-FE, 1.5, mphamvu 110 PS, ndipo yotchuka mwa izi ndi RS, imene ina imabwera ndi magiya asanu osintha pamanja. NCP95 ndi ya 1.3 ya injini ina, 2NZ-FE, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo ndi yokhayo imene ili ndi giyabokosi ya otomatiki wamba ya magiya anayi. Zina zonse za otomatiki ndi za CVT, giyabokosi yoyendera lamba wachitsulo m'malo mwa magiya osinthana. Ku South Africa ndi ku Ulaya galimoto yomweyi inkagulitsidwa ndi dzina loti Yaris, kotero masipeya ambiri a kunsi amagwirizana, ngakhale kuti magiyabokosi a kumeneko ndi ena.

Thupi lake ndi lalifupi: mamita 3.75 m'litali pa zoyamba, n'kuwonjezerako pang'ono pa zimene zinasinthidwa nkhope mu August 2007, ndipo m'lifupi ndi mamita 1.695. Kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo ndi mamilimita 2,460. Ya 1.0 imalemera pafupifupi tani imodzi. Thanki imalowa malita 42. Mabuleki akutsogolo ndi a disiki, akumbuyo ndi a dramu kupatula pa RS ya 1.5. Chiwongolero chimapepuka ndi mota ya magetsi, ndiye palibe pampu kapena mapaipi a oyilo oti azidontha. Injini zonse zinayi zimayendera tcheni, osati lamba wa timing, ndipo makaniko akakuuzani kuti Vitz yanu yakwana nthawi yosintha timing belt, dziwani kuti sanatsegule n'komwe boneti.

Mmene imayendera

Anthu ambiri amathamangira ya 1.0 chifukwa cha mafuta, ndipo m'tauni alibe mlandu. Pa mzere wa galimoto wa m'mawa, poimika pamalo pothina ku Limbe, potembenuka mumsewu wopapatiza wa m'makwalala, kagalimoto aka n'kosavuta. Vuto limayamba mukatuluka m'tauni. Anthu asanu ndi katundu wawo ndi makilogalamu 350 kapena 400, kutanthauza kuti mwawonjezera zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa galimoto yonse. Kenako pali nkhani ya mpweya imene ambiri saiwerengera. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene mwakwera kuchokera pa nyanja yamchere. Lilongwe ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000, Dedza ali pamwamba pa 1,500. Ndiye 71 PS ija, pofika ku Dedza, yatsala pafupi ndi 60. Yatsani AC, muchotsenso zina.

Zotsatira zake mumazimva pofuna kupitirira thiraki pa M1. Mukaponda mafuta, injini imalira kwambiri nthawi yomweyo, koma liwiro limabwera mochedwa, ndipo mpata umene mumauona ngati wokwanira umatha musanafike pa mutu wa thirakiyo. Pa zitunda za Chiweta, pokwera kuchokera ku Chikwawa, kapena pa msewu wa Golomoti, ya 1.0 yodzaza imakwera ndithu, koma phazi limakhala pansi ulendo wonse, ndipo pamenepo mafuta amene mumati mukupulumutsa amapita. Ya 1.3 imakwera zitunda zomwezo phazi lili pakati. N'chifukwa chake pa ulendo wautali kusiyana kwa mafuta pakati pa ziwirizi kumakhala kochepa kwambiri, nthawi zina kulibe n'komwe.

Mabuku a ku Japan amati ya 1.0 imayenda makilomita pafupifupi 22 pa lita. Muyeso umenewo unatengedwa pa makina oyesera, popanda AC, popanda katundu, popanda mahampu. Galimoto ya zaka zoposa 15 yosamalidwa bwino, yembekezani makilomita 12 mpaka 15 pa lita m'tauni, ndi 16 mpaka 19 pa msewu wautali ngati simukupitirira 90 kapena 100. Ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa, makilomita opitirira pang'ono 300, umafuna malita 16 mpaka 20. Ikamamwa kuposa pamenepo pali chimene chalakwika, ndipo kawirikawiri ndi mapulagi, fyuluta ya mpweya, sensa ya oxygen, matayala ophwa, kapena thermostat imene wina anachotsa.

Injini ya masilinda atatu imanjenjemera mwachibadwa. Mukaima pa maloboti giya ili pa D, chiwongolero ndi mpando zimagwedera pang'ono, ndipo zimenezo si matenda. Zimakhala matenda pamene dashibodi yayamba kulira, kapena mukamva kugunda posintha kuchoka pa P kupita pa D. Apo ma mounting atha, makamaka a kumanja ndi a kumbuyo kwa injini. Ma mounting otchipa a labala wolimba amabweretsa kunjenjemera koposa amene mwachotsawo. Bola ochotsa pa galimoto ina ya ku Japan kusiyana ndi atsopano osadziwika kumene achokera.

RS ya 1.5 ndi yokoma kuyendetsa, makamaka ya magiya a pamanja, koma matayala ake a 195/50R16 ndi opyapyala m'mbali. Dzenje limodzi lakuthwa limatupitsa tayala kapena kupinda limu, ndipo saizi imeneyi siipezeka paliponse.

Giyabokosi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya Vitz iyi. CVT ilibe magiya a mano osinthana ngati otomatiki wamba. Ili ndi mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka, ndi lamba wachitsulo wopangidwa ndi tizidutswa tambirimbiri amene amayenda pakati pawo. Chimene chimagwira lambayo kuti asaterereke ndi mphamvu ya oyilo amene amakanikiza mapulewo. Oyilo yemweyo ayenera kuterera mokwanira kuti zitsulo zisadyane, komanso kugwira mokwanira kuti lamba asapulumuke. ATF wamba sanapangidwire ntchito imeneyi. Mukamuthira, galimoto imayenda bwinobwino kwa milungu ingapo, mwina miyezi, koma lamba amakhala akuterereka pang'onopang'ono n'kumakanda mapule. Mapule akakandika, palibe oyilo amene angawabwezeretse.

Oyilo wake ndi Toyota CVT Fluid TC, kapena wina amene pa botolo palembedwa momveka kuti amalowa m'malo mwa TC. Ndi wodula, ndipo anthu ambiri amagwa pomwepa: amaona mtengo, wa m'sitolo n'kuwauza kuti uyu wofiirayu ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi. Musinthe pa makilomita 40,000 alionse, chifukwa kutentha kwa kuno ndi zitunda zimamukalambitsa msanga kuposa ku Japan. Mukatsegula pulagi ya pansi, amatuluka ndi gawo chabe, malita awiri kapena atatu, wotsalayo amakhalira mu torque converter ndi m'njira zake. Ngati wotulukayo ndi wakuda, musinthe, muyende makilomita 1,000 kapena 2,000, musinthenso. Musalole kuti amupope ndi makina okankha mwamphamvu pa giyabokosi imene mbiri yake simukuidziwa, chifukwa zinyalala zimene zinakhazikika zimadzuka n'kukatseka timabowo ta mu valve body. Ndi bwino kumasula sampu ya giyabokosi, kutsuka maginito amene ali m'menemo, ndi kuona sefa. Fumbi lachitsulo losalala ngati phala pa maginito ndi la masiku onse. Tizidutswa tonyezimira timene mungatigwire ndi zala ndi chizindikiro choti lamba kapena bearing yayamba kudyeka.

Zambiri mwa izi zilibe dipstick ya giyabokosi. Mlingo umaonedwa pa pulagi yosefukira, galimoto itaima pamalo osapendekeka, injini ikulira, oyilo atafunda koma asanatenthe, pa madigiri a pakati pa 35 ndi 45. Makaniko amene alibe kompyuta yoonera kutentha kwa oyiloyo amangoyerekeza, ndipo oyilo wochepa amapha CVT msanga kuposa oyilo wakale. Njira ina yosalakwika kwambiri ndi kuyeza amene watuluka mu chigubu cha malita, n'kubwezeramo wochuluka chimodzimodzi, bola giyabokosiyo isakhale yoti imadontha.

Kayendetsedwe nako kamapha. Kulowetsa R galimoto isanaimiretu, kusinthasintha pakati pa D ndi R mothamanga mukatitimira m'matope, kukoka ngolo kapena galimoto inzake, kulola matayala kuzungulira pa mchenga kenako n'kugwira phula mwadzidzidzi, zonsezi zimamenya lamba. Ikafa panjira, isakokedwe mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi injini itazima, chifukwa pampu ya oyilo imayenda ndi injini. Potsika phiri lalitali gwiritsani ntchito S kapena B. Zilembo zimenezi sizinaikidwe kuti zikongoletse: zimachititsa injini kugwira galimoto, mabuleki n'kupuma. Kutsetsereka pa N pofuna kupulumutsa mafuta n'kungodzinamiza, popeza injini ikamatsika phiri ili mu giya phazi litachoka pa mafuta, kompyuta imadula yokha petulo.

CVT ikafa, amakaniko ochepa okha ndi amene amaitsegula n'kuikonza bwino. Ambiri amangogula ina yakale n'kuikamo, ndipo yakaleyo mumagula mwa chikhulupiriro. Pamtengo wa giyabokosiyo onjezani oyilo wodzaza, ntchito, ndi kuikonzanso pa kompyuta kuti igwirizane ndi galimoto. Ndalama zake zimadya gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yonse, n'chifukwa chake mphindi 20 zoyesa giyabokosi musanagule ndi zofunika kuposa kuzungulira galimoto mukuyang'ana penti.

Yesani chonchi. Pemphani kuti muipeze itazizira, isanalizidwe tsiku limenelo, ndipo gwirani boneti kuti mutsimikize. Ikalira, pondani buleki, lowetsani D, muwerenge: igwire pasanathe masekondi awiri, mosagunda. Chitaninso ndi R. Nyamukani pang'onopang'ono ngati muli pa mzere, mumve ngati ikunjenjemera kapena kudumphadumpha pa liwiro la pakati pa 10 ndi 40. Pezani chitunda, imani pakati pake, munyamukenso. Pa msewu wowongoka khalani pa 60, kenako pondani mafuta mpaka pansi: kulira kwa injini kukwere kamodzi n'kukhazikika, liwiro lizikwera mosadukiza. Kukamakwera ndi kutsika kokha phazi lili malo amodzi, lamba akuterereka. Kulira kwa mluzu kumene kumakula ndi liwiro ndi bearing ya mkati. Ndipo yendani mokwanira kuti itenthe, chifukwa matenda ena amabisala oyilo akadali wozizira. Wogulitsa amene akukana ulendo wa mphindi 20 wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Injini ndi madzi ake

Injini izi zimapirira. Zimene zimaziwononga ndi ziwiri: oyilo wolemera kapena wokhalitsa, ndi kutentha. Thirani 5W-30, musinthe pamodzi ndi fyuluta pa makilomita 5,000 alionse. Ya 1.0 ndi ya 1.3 ya SCP90 zimalowa malita opitirira pang'ono atatu, ya 1.5 ndi ya 1.3 ya NCP95 zimalowa 3.7. Chizolowezi chothira 20W-50 mu galimoto iliyonse chinachokera ku injini zakale. Mu injini ya VVT-i, oyilo amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono kuti akasunthe camshaft ndi kukankha tensioner ya tcheni, ndipo wolemera amafika mochedwa m'mawa. Mukamva phokoso la tcheni kwa sekondi imodzi polira koyamba, si nkhani. Likapitirira masekondi angapo, kapena likamamveka injini itatentha, tcheni chatalika kapena tensioner yatopa. Tsegulani chitsekerero cha oyilo muunike mkati ndi tochi: chitsulo chizioneka chagolide kapena chofiirira, osati chokutidwa ndi phala lakuda.

Vitz iyi ilibe singano yoonetsa kutentha kwa injini. Ili ndi kanyali kamene kamazima injini ikafunda, ndi kofiira kamene kamayaka zinthu zitavuta kale. Kofiirako kakayaka, imani pomwepo, osati pa sitolo ili patsogoloyo. Pampu ya madzi ya 1KR-FE imadziwika ndi kudontha, ndipo chizindikiro chake ndi ufa wa pinki wouma pansi pa pule yake. Madzi ake ndi Toyota Super Long Life Coolant, a pinki, osakaniza kale. Madzi a pampopi kapena a pa mjigo amadya aluminiyamu, amatseka rediyeta ndi kupha pampu. Thermostat isachotsedwe. Amakaniko ena amaichotsa poti kuno n'kotentha, koma injini imene siifika pa kutentha kwake imamwa mafuta ambiri ndipo imadetsa oyilo msanga. Kanyali koyamba kaja kakamachedwa kuzima, kapena kakamayakanso potsika phiri, mwina thermostat mulibe.

Silinda iliyonse ili ndi koilo yakeyake. Injini ikayamba kudumpha, musagule makoilo onse: kompyuta imatchula silinda imene yavuta, P0301 yoyamba, P0302 yachiwiri, motero. Sinthanitsani koiloyo ndi ya silinda ina, muone ngati vuto lasamuka nayo. Mapulagi a iridium enieni amatha makilomita pafupifupi 100,000, koma achinyengo ali mbwee pamsika, mabokosi ake okongola bwino, ndipo amapha makoilo. Injini ikamatsika kwambiri kapena kuzima mukaima, tsukani throttle body musanaganize zina zodula.

Pampu ya petulo ndi fyuluta yake zili mkati mwa thanki, pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo pampuyo imazizira ndi petulo amene yamiramo. Kuyenda masiku onse kanyali ka mafuta kali koyaka kumaifupikitsa moyo. Petulo wa m'zigubu, amene anthu amagula mafuta akasowa, amabwera ndi zinyalala, nthawi zina madzi kapena palafini. Ngati palibe kuchitira mwina, musefeni pa nsalu yoyera. Suzumiraninso kunsi muone ngati catalytic converter ilipo, chifukwa zambiri zinachotsedwa n'kugulitsidwa, pamalopo n'kuwotchererapo paipi. Potembenuza kiyi, nyali ya check engine, ya ABS ndi ya airbag ziyake zonse kenako zizime. Imene sikuyaka n'komwe, wina anaithimitsa dala.

Kunsi

Inapangidwira misewu ya ku Japan, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka, masentimita 14 kapena 15 ikakhala yopanda anthu. Ikadzaza, mahampu aatali imawakhula. Kukwera hampu mopingasa kumathandiza. Amene amakhala kumene msewu ndi wafumbi angasinthe matayala a 165/70R14 n'kuika 175/70R14: galimoto imakwera ndi mamilimita 7, ndipo liwiro lenileni limaposa limene singano ikuonetsa ndi magawo awiri ndi theka pa 100, zimene n'zofunika kukumbukira pamene pali apolisi a kamera. Ma spacer a mamilimita 20 kapena 25 pamwamba pa mashoko savuta. Oposa pamenepo amapendeketsa ma CV joint n'kung'amba malabala ake. Chitsulo chotchinga sampu ndi chotchipa kuyerekeza ndi injini imene yataya oyilo pa mwala.

Zimene zimatha msanga ndi ma stabiliser link, amene amagogoda pa msewu wa mabampu, mabushi a ma control arm, ma ball joint, ma rack end ndi ma tie rod end. Zonsezi n'zotchipa ndipo zimapezeka ku Biwi, ku Ndirande, ku Limbe ndi m'matauni ena. Kulira kwa "wuuu" kochokera kumbuyo kumene kumakula ndi liwiro ndi bearing ya tayala, ndipo imagulidwa yathunthu ndi habu yake pamodzi ndi sensa ya ABS. Chitsulo cha kumbuyo cholumikiza matayala awiri chilibe posinthira alaimenti, ndiye tayala lakumbuyo likamadyeka mbali imodzi, chitsulocho chinapindika pa dzenje kapena pa ngozi.

NCP95 imakopa anthu chifukwa cha 4WD ndi giyabokosi yake yosavuta kukonza. Koma galimoto za 4WD ku Japan zimagulidwa kwambiri kumadera a chipale chofewa monga Hokkaido ndi Tohoku, kumene amathira mchere m'misewu. Iloweni kunsi ndi tochi, mugogode ndi sikuludiraiva. Imamwanso mafuta kuposa zinzake, ndipo si galimoto ya m'thengo: mimba yake ndi yotsikabe.

Mkati, mamita oonetsa liwiro ndi mafuta ali pakati pa dashibodi, ndipo mumazolowera pa tsiku limodzi. Malo oika tinthu ndi ambiri. Anthu anayi akuluakulu amakwana, wachisanu amavutika, ndipo buti ndi yaing'ono: thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 ndi kachikwama, basi, pokhapokha mutagwetsa mipando. Wailesi ya ku Japan imagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz yokha, ndiye masiteshoni ambiri a kuno simuwapeza popanda kuikira expander kapena kusintha wailesiyo. Zimene zinatuluka kuyambira August 2007 zili ndi ma airbag a m'mbali ndi a m'mawindo, ndipo mumazizindikira ndi ma indicator a pa magalasi a m'mbali. Mu October 2012 Toyota inaitanitsa galimoto mamiliyoni ambiri pa dziko lonse, Vitz ya zaka izi ili m'gulu, chifukwa cha switch ya mawindo ya ku chitseko cha dalaivala imene inkatha kutentha. Ngati switch yanu ikukakamira, musaithire mafuta opopera, isintheni.

Mtengo wake pogulitsanso

Vitz siikhalitsa pamsika. Ofuna galimoto yoyamba, masukulu ophunzitsa kuyendetsa, a takisi ndi mabanja ofuna galimoto yachiwiri onse amaifuna, ndipo chimene amagula kwenikweni ndi mtendere wa masipeya. Injini ya 1KR-FE ilinso mu Passo ndi Belta. Ya 2SZ-FE ili mu Belta ndi Ractis. Ya 1NZ-FE ili mu Corolla, Axio, Fielder, Probox, Sienta ndi ist, moti palibe makaniko amene sanaigwirepo. Honda Fit ya zaka zomwezi ili ndi malo ambiri mkati ndipo imathamanga bwino, koma yoyamba ija ya 2001 mpaka 2007 inatchuka ndi kunjenjemera kwa CVT ponyamuka, ndipo injini yake ya 1.3 imafuna mapulagi asanu ndi atatu. Mazda Demio ya 2007 imagwira msewu bwino kuposa Vitz. Nissan March imagulidwa motchipa. Komabe pa tsiku logulitsa, mwini Vitz ndi amene amapeza wogula msanga, ndipo satsitsa kwambiri.

Pali chinyengo chimodzi cha masamu chimene chimasokoneza anthu. Mumamva wina akuti anagula Vitz, anayendera zaka zitatu, n'kuigulitsa pa mtengo woposa umene anagulira. M'makwacha n'zoona. Koma galimoto zimagulidwa ku Japan ndi madola, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Tiyerekeze galimoto yoti kufika nayo pa doko ndi madola 3,000: dzulo lake inali K3.54 miliyoni, mawa lake K5.1 miliyoni, isanasunthe n'komwe. Mtengo wa zimene zili kale m'dziko umatsatira mtengo woitanitsira ina. Ndiye mwini uja sanapindule, wangotaya zochepa kuposa amene anasunga ndalamazo mu akaunti. Funso loyenera ndi lakuti ndalama wagulitsirazo zingamugulire galimoto yotani lero.

Kuitanitsa Vitz ya zaka izi kuchokera ku Japan sikutchipanso monga kale. Pa galimoto yakale chonchi, mtengo wa sitima kufika ku Dar es Salaam umatha kufanana kapena kuposa wa galimotoyo, ndipo MRA imawerengera msonkho potengera kukula kwa injini ndi zaka zake, yakale kwambiri n'kulipira zambiri. Funsani chiwerengero cha msonkho musanatumize ndalama, osati galimoto ili kale pa Songwe. Onjezani wothandiza kuiwombola, dalaivala, mafuta, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshulansi. Kumbukiraninso kuti kuchokera ku Dar es Salaam kufika pa boda ndi makilomita oposa 900, ndipo amene akuiyendetsa akuthamangira kukatenga ina. Ikafika, sinthani oyilo wa injini, wa CVT ndi mafyuluta musanayambe kuyendera. Matayala ake aoneni manambala anayi a m'mbali, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Ambiri amabwera ndi matayala a m'chipale, ofewa, amene pa phula lotentha la mu October amatha ngati sopo. Pepala la ku okushoni likakhala ndi giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, R kapena RA ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Vitz yotsatira, imene inayamba mu December 2010, ya KSP130 ndi NSP130, ndi imene imaika denga pa mtengo wa yakaleyi. Wogulitsa KSP90 akatchula mtengo woyandikira wa KSP130 ya makilomita ofanana, msiyeni.

Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, amabwezedwa mosavuta. Yang'anani labala wa pa buleki, kusalala kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ngati unaphwa, ndi zitseko zakumbuyo ngati zikulendewera, chizindikiro cha galimoto imene inagwirapo takisi. Chaka chenicheni chimapezeka pa kansalu ka m'munsi mwa lamba wa mpando. Mabawuti a ma fender ndi a boneti akakhala ndi zipsera za sipanala, kutsogoloko kunamasulidwapo.

Pogulitsa, zimene zimakweza mtengo ndi zosadula: AC yozizira, nyali zakutsogolo zopukutidwa kuti zisaoneke zachikasu, matayala anayi a saizi ndi mtundu umodzi, kiyi wachiwiri, ndi malisiti a oyilo wa CVT olembedwa makilomita. Yoyera, yasiliva ndi yakuda zimapita msanga, ya pinki kapena yobiriwira imadikira mwini wake. Malimu akuluakulu, ekizozi yaphokoso ndi masipika a mu buti sizibweza ndalama zimene munaikapo, ndipo wogula wochenjera amaziona ngati umboni woti galimotoyo inkathamangitsidwa. Mapepala akhale m'dzina la amene akugulitsayo, nambala ya chassis ndi ya injini zigwirizane ndi bulu buku, ndipo ngati injini inasinthidwapo, kusinthako kukhale kolembetsedwa. Kusintha umwini mukachitire limodzi ku Road Traffic, wogula ndi wogulitsa, osati kupatsira dobadoba mapepala n'kumadikira foni.

Mwa zinayi zija, yoyenera kuisakasaka ndi SCP90 ya 2008 mpaka 2010, ya matayala a mainchesi 14 kapena 15, imene mwini wake angakuuzeni dzina la oyilo amene ali mu giyabokosi ndi makilomita amene anamuthirira. KSP90 ndi ya munthu amene ulendo wake ndi wa kunyumba, kuntchito ndi kusukulu ya ana, ndipo ngati ma mounting ake atha kapena pampu ya madzi ikudontha, chotsani mtengo wa zimenezo pa ndalama zimene mukupereka.